Botolo pa Malata a Bambo Anga

Kwathu ku Chidzolomondo munthu satamandidwa chifukwa cholima fodya. Kulima aliyense amalima. Chimene chinkapatsa bambo anga ulemu chinali maso awo. Fodya akauma m'chigafa, nthawi yosankha ikakwana, anthu ankafika pakhomo pathu atanyamula tsamba ngati abweretsa mwana wodwala. Bambo ankalitambasula, kuliyang'ana kamodzi kokha, n'kunena kuti ili ndi la kalasi yakuti, ili likadali ndi kabiriwiri m'mitsempha, ukalisakaniza ndi anzake belo lonse likakubwerera. Ndipo zinkachitikadi momwemo. Ngakhale tekiniku, mlangizi wa kampani yogula fodya, munthu wa sukulu zake, akafika kwathu ankazimitsa mota, njinga yamoto ija, n'kukhala pansi kumvetsera.

Amene sanalimepo fodya adziwe kuti fodya sasankhira pabwalo. Dzuwa ndi mphepo zimamuumitsa, tsamba limathetheka m'manja, umatsala ndi fumbi. Amafuna malo otsekeka kuti akhale wofewa. N'chifukwa chake bambo anamanga kanyumba ka njerwa kokhala ndi zenera limodzi laling'ono ngati mbale, n'kukafolera ndi malata asanu ndi limodzi. Amenewo ndiwo anali malata oyamba m'banja mwathu. Ife tinkagona m'nyumba yaudzu yodontha, fodya akugona pamalata ngati mlendo wochokera ku Tete. Mayi ankati akadadziwa akadabadwa tsamba, bwenzi akusamalidwa.

Mayi nawo ankasankha fodya, koma m'mudzi palibe ankawawerengera. Ntchito yawo inkadziwika kuti ndi kumanga timitolo. Bambo akaunjika masamba ofanana, mayi ankatenga odzaza dzanja n'kukulunga kumapesi ndi tsamba lina. Zaka zonse za ubwana wanga ndinawaona choncho, bambo pampando wawo pafupi ndi zenera, mayi pamphasa kumbuyo kwawo.

Ine ndinachoka pakhomo ndili mtsikana, ndinakaphunzira zauphunzitsi, boma n'kunditumiza ku Ntengo-Wambalame kumene ndikuphunzitsa mpaka lero. Kwathu ndimapita pa feriyasi, sukulu zikatsekera, pachapa, minibasi yakwathu ija, mpaka ku Furancungo, kenako pamota fumbi lili kobo mpaka kufika ndili wofiira ngati njerwa. Chaka chimene ndikunenachi ndinafika nthawi yosankha fodya ili pakati. Bambo anali pakhonde. Ndinayenda bwalo lonse ndikuwamwetulira, iwo akungondiyang'ana ngati wogulitsa tomato. Nditati "Odi," m'pamene nkhope yawo inamasuka.

"Aa, apulofesora afika! Fumbili lakusintha, sindinakuzindikire."

Nditagwada kuwapatsa moni ndinaona kuti pakati pa maso awo pali kotuwa, ngati dontho la mkaka m'tiyi. Ndinangopitiriza moni wanga. Mwana sayamba nkhani yotero akadali ndi chikwama paphewa.

M'mawa mwake ndinalowa nawo m'kanyumba ka fodya. Ankagwira ntchito akudandaula. Ankati nyumbayo yada, kale sinali choncho. Ankati mango a kuseri akula, atseka zenera. Nthambi anali atadula kale ziwiri, mtengo utatsala ngati nkhuku yosodzoka. Ankati ngakhale dzuwa la masiku ano ndi laulesi, silifanana ndi la kale. Ine ndinkangovomera kuti eya, mwadadi muno. M'nyumbamo munalidi mdima, ndiye bodza langa linali ndi poyimira.

Masana bambo anapita kudimba kukathirira. Ndinafunafuna mayi kukhitchini, kuseri, osawapeza. Nditakankha chitseko cha kanyumba kaja ndinawapeza atakhala pampando wa bambo, atamasula timitolo tonse ta m'mawa, akuyang'ana tsamba lililonse pa kazenera kaja maso atatsinzinira, misozi ikutsika chifukwa cha fumbi la fodya.

"Tseka chitsekocho msanga iwe," anatero. "Ukufuna mudzi wonse uone?"

"Amama, mukuchita chiyani?"

"Sukuona? Abambo ako akuika obiriwira pamodzi ndi ofiira. Kwa iwo onse ndi ofiira. Chaka chino n'chachiwiri. Iwo amasankha m'mawa, ine ndimasankhanso masana, ndimangenso asanabwere."

"Nanga osawauza bwanji? Tipite nawo kuchipatala."

"Ukauze ndiwe. Munthu amene mudzi wonse umabwera kudzamufunsa, ndimuuze kuti saona? Ukawachotsera zimenezi watsala nawo chiyani? Khasu aliyense ali nalo."

"Ndiye anthu obwera ndi masamba aja?"

"Ndimakhala pafupi. Akalakwitsa ndimatsokomola, iwo amati dikirani ndiyang'anenso."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa chisoni. Ndinawamvera chisoni onse awiri, wonamizidwa ndi wonamiza. Ndipo pamenepo m'pamene uphunzitsi unandikwera m'mutu. Ine ndili ndi vuto limodzi, ndikaona chinthu chokhota manja amandiyabwa. Ndinaganiza kuti ngati bambo akuti vuto ndi mdima, ndiwachotsere mdimawo, mwina maso angagwirenso ntchito zaka zingapo.

Njira ndinali nayo. Kusukulu kwathu chipinda chosungiramo mabuku chilibe zenera, ndiye mnzanga wina wophunzitsa sayansi anaboola lata n'kulowetsa botolo lapulasitiki lodzaza madzi, theka kunja, theka m'kati. Masana botolo lija limawala ngati babu, popanda waya kapena batire. Ana ankati ndi matsenga mpaka tinawaphunzitsa. Kuwala kukamachoka mumpweya kulowa m'madzi sikupitirira molunjika, kumakhota pamalirepo. N'chifukwa chake mpini ukauviika m'ndowa umaoneka wothyoka. Ndipo kuwala kukakhala m'madzimo, kukafika pakhoma la botolo mopendekera kwambiri, sikutuluka ayi, kumabwerera m'kati ngati kwagunda kalilole. Kumangogundagunda choncho kutsika m'munsi, mpaka kukamwazikira m'chipinda. Bowo lopanda botolo limangoponya kadontho ka dzuwa pansi, kotentha, ndiponso limalowetsa mphepo. Botolo limagawa kuwala ponseponse ndipo bowo limakhala lotsekeka. Kwa fodya ndinaona kuti palibe chabwino choposa chimenecho.

Ndikanawafunsa bambo akanakana, ndinkadziwa. Malata amenewo ankawadziwa lililonse ndi msomali wake. Ndiye sindinawafunse. Mayi ndinawauza, iwo anangoti, "Za kusukulu zako ine sindizidziwa, koma malatawo si anga." Ameneyo sanali eya, koma ine ndinamva eya. Paja amati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

Loweruka bambo anapita kumaliro kumudzi wa kutsidya, ulendo wa tsiku lonse. Ine ndinakatenga mkulu wina wokhoma ndowa, mnzawo wa bambo wa kutchalitchi. Atamva chimene ndinkafuna anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Mwana wanga, ndiboole lata labwinobwino? Eni ake akudziwa?"

"Adziwa akabwera, agogo. Mlandu wonse ndi wanga."

"Mlandu ndi wako, koma sizasi ndi yanga. Pronto, tiyeni, koma ukanene kuti unandikakamiza."

Anakwera akung'ung'udza. Phokoso la sizasi ikudya lata ndimalikumbukabe, linandilowa m'mano. Tinadzaza botolo la malita awiri ndi madzi a pamjigo, ndinathiramo kachivindikiro ka mankhwala oyeretsera zovala kuti madzi asamere ndere, tinalilowetsa pabowo, mkulu uja n'kumata m'mbali ndi phula. Nditatsika n'kulowa m'kati ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. M'nyumba munali mbee. Ndinaona akangaude kumitanda, msomali umene bambo ankapachikapo chipewa, ndi mitundu yonse ya fodya, wofiira, wachikasu, wakuda, wobiriwira, aliyense payekha. Mayi analowa, anayang'ana kudenga, anayang'ana manja awo, n'kunena kuti, "Kodi muno munali litsiro chonchi?" Anatenga tsache nthawi yomweyo.

Bambo anafika dzuwa litapendeka. Botolo analiona ali patali chifukwa linkanyezimira padenga. Sanakhale n'komwe pansi.

"Wakwera padenga panga ndani?"

"Ndine, ababa. Ndimafuna muziona bwino posankha."

"Ndinakutuma? Malata amenewa ndinawasenza pamutu kuchokera ku Furancungo iwe usanadziwe kupukuta mamina. Lero chifukwa boma lakupatsa choko, wabwera kudzandiboolera nyumba? Mvula ikabwera fodya wanga adzafunda diploma yako?"

Ndinapsa mtima nanenso, poti mtima wapachala ndinatengera kwa iwo omwewo. Ndinathamangira ndowa, ndinaviikamo mpini wa khasu kuti ndiwaonetse mmene kuwala kumakhotera. Ndinatenga tambula yagalasi ya madzi, ndinaikweza pamwamba kuti ayang'anire pansi aone mmene pamwamba pa madzi pamasandukira kalilole. Ndinalankhula ngati ndili kutsogolo kwa ana makumi asanu ndi limodzi. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi.

"Ndiye ukuti kuwala kwina kumafika pamalire n'kubwerera osadutsa?"

"Eya, kukafika mopendekera."

"Chabwino, apulofesora. Tiona mawa."

Mawa lake linali Lamulungu. Nkhani ya botolo inali itayenda kale, mkulu wokhoma ndowa uja sanagone nayo. Titaweruka kutchalitchi anthu anatitsatira kunyumba kudzaona magetsi a madzi. Analowa m'kanyumba kaja mpaka munadzaza, ena akusuzumira pakhomo. Ankafunsa ngati botolo silingayatse fodya, ngati usiku limawalanso, ngati madzi a pachitsime angathe. Bambo, amene dzulo lake ankafuna kundidya wamoyo, ndinawamva akufotokozera anzawo kuti kuwala kumakhota kukalowa m'madzi, mwana wawo ndiye amaphunzitsa zimenezo. Ndinatupa ngati finye.

Pamenepo mlamu wawo wa bambo, mchimwene wa mayi, anatulutsa tsamba m'thumba la jekete. Sanali ndi cholinga choipa, anali atabwera nalo kudzafunsa monga mwa masiku onse.

"Alamu, poti lero muno mwayera, tandionereni ili. Ndiliike kuti?"

Bambo anakhala pampando wawo, pansi penipeni pa botolo. Anatambasula tsamba lija pabondo. Kuwala kunali kokwanira moti ngakhale ine, amene ndinathawa fodya kalekale, ndinaona kabiriwiri kakuyenda m'mbali mwa mtsempha wonse. Aliyense m'chipindamo anakaona. Ndinayang'ana mayi, koma anali panja, anthu atawatsekereza pakhomo. Anatsokomola, koma chifuwa chawo chinamira m'phokoso.

"Ili ndi lofiira bwino," anatero bambo. "Kalasi yoyamba. Mangani pamodzi ndi abwino aja."

M'chipinda munangoti zii. Palibe anatsutsa. Zikanakhala bwino wina akanaseka kapena kukangana nawo, koma anthu akwathu ndi aulemu, ndipo ulemu wa tsiku limenelo unali wowawa kuposa chipongwe. Amalume anapinda tsamba lawo pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Zikomo alamu, ndamva." Wina anayamba kukamba za njira ya ku Furancungo kuti yawonongeka. Mmodzimmodzi anatuluka. Bambo sanali chitsiru, kukhala chete kuja anakumva.

Kale akalakwitsa, anthu ankati ndi mdima wa m'nyumba, iwonso ankati ndi mdima. Mdima umenewo ndiwo unali chofunda chawo, ndipo ine mwana wawo ndinakwera padenga n'kuwavula pamaso pa mudzi wonse. Ndinachita manyazi, ndinadzida. Ndinapita kuseri kwa chigafa n'kulira ngati kamwana.

Chakumadzulo ndinatenga makwerero kuti ndikazule botolo lija, bowo ndimate ndi chigamba. Ndili pa sitepe yachiwiri ndinamva mawu kuchokera m'kati.

"Tsika iwe. Bwera kuno."

Bambo anali akadali pampando pomwe paja, kamtolo ka fodya kali m'manja. Ndinagwada pakhomo.

"Ababa, ndalakwa. Ndichotsa."

"Uchotsa chiyani? Ukachotsa botolo anthu aja aiwala zimene aona? Khala pansi." Anasisita kamtolo kaja. "Dzulo unati kuwala kwina kumafika pamalire n'kubwerera. Ndi zimene zikuchitika m'maso mwangamu. Ndikuona kuti muno mwayera, koma kuyerako kukufika apa n'kubwerera. Chimene chikulowa ndi utsi wofiirira basi. Ndinadula mango aja pachabe."

M'buku sizili choncho kwenikweni, ng'ala ili ndi kafotokozedwe kake. Koma tsiku limenelo uphunzitsi ndinaumeza, sindinawakonze.

"Gwira apa," anatero, akundipatsa kamtolo kaja. "Tsamba lomangirali lazungulira kupita kuti?"

"Kumanzere."

"M'mawa amako akamamanga ndili pompano, amamanga mofatsa, amazunguliza kumanja monga ndinawaphunzitsira. Akakhala pa changu amaiwala, dzanja lawo lamanzere limatenga ulamuliro. Chaka chatha ndinayamba kupeza timitolo tonse tozungulira kumanzere. Ukuganiza kuti zala zanganso zili ndi ng'ala?"

"Ndiye munkadziwa?"

"Nanga kudimba masana onse ndinkakachita chiyani? Kabichi wake uti wofuna madzi tsiku lililonse mpaka dzuwa kulowa? Ndinkawapatsa mpata amalize. Iwo ankandisungira ulemu, ine ndinkawasungira chinsinsi chawo. Zinkayenda bwinobwino mpaka anabwera apulofesora ndi sizasi."

Ananena mawu omalizawo akuseka pang'ono, koma ine misozi inayambiranso. Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala akaone masowo. Anati fodya akapita kumsika tidzakambirana, asanapite ayi. Kenako anayang'ana kudenga.

"Botololo lisiye. Zaka ziwiri amako akhala akusankha fodya mumdima chitseko chili chotseka, ngati wakuba m'nyumba yake yomwe. Ndinkawamva usiku akutsuka m'maso. Maso atsala pakhomo pano ndi awowo, tisawaphe. Koma mvula ikadzadontha pamenepo, udzabwera ndi chapa yako kudzamata wekha."

Sindikudziwa chimene anakambirana ndi mayi tsiku limenelo, ndipo sindinafunsepo. Za anthu awiri amene akhala limodzi zaka zonsezo mwana salowerera kawiri.

Lolemba m'mawa ndinadzuka mochedwa ndi mutu wowawa. Nditapita kukanyumba kaja ndinapeza zinthu zasintha malo. Mpando wa bambo uja, umene ngakhale ife ana sitinkayerekeza kukhalapo, unali pansi pa botolo, ndipo pampandopo panali mayi. Anakhala chakumphepete, ngati munthu amene wakhala pa mpando wa abusa mwangozi. Bambo anali pamphasa pambali pawo, miyendo atatambasula. Ankatenga tsamba, kulisisita, kulinunkhiza, kuliyeza ndi mkono, n'kunena kuti ili ndi lapansi pa tsinde, ili ndi lapakati, ili ndi lochindikala, ili lagwira chinyezi chambiri. Akatero ankapatsira mayi, mayi n'kunena mtundu. Ankakangananso. Bambo ankati tsamba lonunkhira chonchi silingakhale lobiriwira, mayi ankati mphuno zilibe maso. Ine anandipatsa ntchito yomanga timitolo, ndipo onse awiri anagwirizana kuti ndimamanga ngati munthu wa m'tauni.

Dzuwa litakwera tinamva odi panja. Anali amalume aja. Anaima pakhomo osadziwa poyang'ana, manja ali m'thumba la jekete. Ndikuganiza kuti anabwera kudzapepesa, kapena kudzaona ngati mlamu wawo akudya n'komwe. Tsamba lija sanalitulutse mpaka bambo analiitanitsa.

"Alamu, bweretsani tsamba la dzulo lija."

Analitulutsa. Bambo analiyendetsa m'zala kuyambira kuphesi mpaka kunsonga.

"Ndi lapakati, thupi lake ndi labwino, munathyola msanga pang'ono. Za mtundu musandifunse ine, dzulo ndinakunamizani. Funsani alongo anuwa."

Mayi analandira tsamba lija. Analikweza kubotolo ngakhale panalibe chifukwa, poti kabiriwiri kaja kankaonekera patali.

"Ndi lobiriwira, achimwene. Muliike palokha."

"Mwamva?" anatero bambo. "Ndipo mukauze anzanu onse, asamachite manyazi kubwera. Mabelo anu a chaka chatha aja anadutsa bwino, munabwera kudzandithokoza ndi nkhuku. Nkhuku imeneyo inali ya amake anawa. Ine ndinangodya nawo."

Mayi anaweramitsa mutu, anatenga tsamba lina pamulu n'kuliyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene linkafunira. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti fodya wa chaka chino ali ndi fumbi lambiri.